Kabuku ka zipatala ndi makoleji a boma mu Nyasaland, 1900–1940: momwe ntchito ikuyendera

Febuluwale, kumayambiriro

Tamvana za mutu ndi malire a zaka. Kabuku kathu kayambira 1900 kukathera 1940, ndipo kakamba za malo amene boma la atsamunda linamanga ndi kuyendetsa lokha mu Nyasaland. Aphunzitsi a pakoleji ya anamwino amene anatipempha ntchitoyi anatipatsa magawo anayi oti titsate: zipatala, ma sanatorium ogonekako odwala chifuwa chachikulu, nyumba zosungirako okalamba ndi ena opanda owasamala, ndiponso makoleji. Akufuna kabuku ka Chichewa kosapitirira masamba 40, kophatikiza ndi mapu opachika pakhoma la m'kalasi.

Mnzathu wojambula wasankha kale mitundu: kadontho kofiira pa chipatala, kabuluu pa sanatorium, kachikasu pa nyumba ya okalamba, kobiriwira pa koleji. Ine ndatenga zofufuza ndi kulemba. Amayi ena amene anapuma pa ntchito ya unamwino avomera kumawerenga chaputala chilichonse tisanachitseke, ndipo aneneratu kuti Chichewa chokhotakhota sachilola.

Febuluwale, kumapeto

Kuwerenga kwayamba ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala. Aliyense wofufuza zaka zimenezi amayamba wagundana ndi moto wa 1919, umene unatentha maofesi a Secretariat ku Zomba pamodzi ndi mafayilo ambiri a boma a m'mbuyomo. Choncho theka loyamba la kabuku kathu litsamira pa zosindikizidwa: malipoti a pachaka, Gazette ya boma, zolemba za amishoni, ndi makalata amene bwanamkubwa ankatumiza ku London, omwe lero amasungidwa ku Kew m'gulu la CO 525.

Kuchokera 1919 kubwera kuno mafayilo ndi mbwee. Ndi mapepala opyapyala, ambiri ndi makope a kaboni osaoneka bwino, omangidwa ndi kachingwe pakona. Chokoma chili pa masamba a kutsogolo, pamene akuluakulu ankalemberana timawu ta inki. Dokotala wamkulu akupempha, wa chuma akuyankha kuti chaka chino palibe, mlembi wamkulu akusaina m'munsi kuti nkhaniyo idikire. Fayilo ikhoza kuyenda choncho zaka zingapo, inki yokha ndiyo ikusintha mtundu.

Pamwamba pa tsamba la malo alionse ndayamba kulemba mafunso awiri: ndalama zinkachokera ku dipatimenti iti, nanga makiyi ankasunga ndani? Mawu okoma a tsiku lotsegulira ndikuwasiya pambali.

Malichi

Chaputala cha zipatala chalembedwa koyamba. Ndachitsegula ndi ndime yobwerera m'mbuyo pang'ono, chifukwa popanda iyo za 1900 sizimveka. Madokotala oyamba a boma anabwera pamodzi ndi asilikali. Dr Sorabji Boyce, wa ku India, anafika mu 1891 nthawi ya Harry Johnston, ndipo anaphedwa chaka chomwecho pa nkhondo yolimbana ndi Makanjira kum'mawa kwa nyanja. Dr Wordsworth Poole, amene anagwira ku Zomba kuyambira 1895 mpaka 1897, nthawi yake yambiri inkathera pa azungu a boma ogwidwa ndi malungo, makamaka aja oopsa odetsa mkodzo, ndi pa kuperekeza asilikali kunkhondo.

Dziko litalandira dzina la Nyasaland mu 1907, mndandanda wa oyenera kuonedwa ndi dokotala wa boma unali womwewo, unangotalikirapo: azungu a m'maofesi ndi mabanja awo, asilikali a King's African Rifles, apolisi, amesenjala, akaidi, ndi ogwira ntchito za boma. Ku Zomba ndi ku Blantyre chipatala cha azungu chinali pachokha, cha anthu akuda pachokha. M'maboma angapo ntchito inkagwiridwa ndi madokotala othandizira ochokera ku India. Mlimi wa kumudzi, amene msonkho wake wa nyumba ndiwo unkayendetsa boma, analibe mzere wake pamndandandapo. Akalowa m'chipatala cha boma, kawirikawiri kunali chifukwa chakuti wavulala pa ntchito, kapena wabweretsedwa ndi apolisi.

Kumudzi dzanja la boma pa za umoyo linkafika pakagwa mliri. Nthomba ikabuka kunkabwera otemera. Kaodzera ndiye ananjenjemeretsa boma kwambiri. Mu 1910 asayansi awiri a ku Britain, Stephens ndi Fantham, anazindikira mtundu watsopano wa kachilombo koyambitsa matendawa, m'magazi a munthu amene anadwalira ku chigwa cha Luangwa, ndipo odwala anapezekanso kuno m'madera a kunyanja. Mu 1911 Royal Society, bungwe la asayansi la ku London, inasankha Sir David Bruce kutsogolera gulu lofufuza, lomwe linakhala ku Kasu m'boma la Dowa mpaka 1914. Bruce anatsimikiza kuti nyama zakutchire ndizo zimasunga kachilomboka, ntchentche za kashembe n'kumakatenga m'menemo, ndipo ankafuna kuti nyamazo ziphedwe. Kwa anthu a m'deralo nkhani yonseyi inkafika ngati malamulo oletsa kuyenda. Kasu ndamupatsa kabokosi kake m'kabuku, koma pamapu sakhala ndi kadontho kofiira. Anali malo ofufuzira, ndipo mlimi wodwala chibayo sakadapita kumeneko kukagonekedwa.

Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndayidutsa mwachangu. Amtengatenga ambirimbiri anafera m'njira ndi kamwazi, chibayo ndi njala, kenako chimfine cha 1918 chinadzasesa otsala. Madispensale a boma a kumidzi anayamba m'zaka za m'ma 1920: kanyumba kakang'ono, dresser (wotsuka ndi kumanga zilonda) mmodzi wophunzitsidwa mwachidule, kwinini, mchere wotsegula m'mimba ndi zotsukira zilonda. Amayi athu owerenga aja alemba ndi pensulo m'mphepete kuti ndisawanyoze ma dresser amenewa, chifukwa kwa anthu a m'midzi yozungulira iwowo ndiwo anali adokotala. Ndafewetsa ndimeyo.

Epulo

Mwezi wonse wathera pa malo amodzi, Zomba Lunatic Asylum, kumene ankasungirako odwala misala, ndipo ndikuona kuti chaputala chimenechi ndicho msana wa kabuku.

Malowa anatsegulidwa mu 1910 ngati mbali ya ndende yaikulu ya Zomba. Mafunso anga awiri aja yankho lake ndi limodzi: ndalama za ndende, makiyi a ndende. Oyang'anira odwala anali asilikali a ndende. Dokotala wa boma ankabwera kudzaona, monga ankaonera akaidi, koma malowo sanali ake. Zinakhala choncho mpaka 1951, pamene anawapereka ku dipatimenti ya zaumoyo, ndipo Zomba Mental Hospital inatsegulidwa mu 1953. Ndiye kuti m'zaka zonse za kabuku kathu, munthu wodwala misala akagwa m'manja mwa boma ankasungidwa ndi anthu amene anaphunzira kusunga akaidi.

Khomo lolowera nalonso likunena zambiri. Munthu sankabwera ndi abale kudzapempha chithandizo monga lero. Ankadzera kwa bwana DC kapena kubwalo la milandu, atapalamula kapena atasowetsa mtendere pamalo pamene boma linali ndi maso: m'tauni, pa esiteti, pafupi ndi boma. Odwala ambiri ankakhala kwawo, m'manja mwa abale ndi asing'anga, ndipo boma silinkawafunafuna. Mankhwala ochepetsa matenda a misala monga chlorpromazine anadza m'ma 1950. Zisanafike zimenezo, chimene malo otere ankatha kuchita ndi kutsekera, kugonetsa munthu akavuta, ndi kupereka ntchito ya manja kwa amene akhazikika.

Ndawerenganso kafukufuku wa madokotala awiri a boma, H. M. Shelley ndi W. H. Watson, amene anapima odwala a pamalopo n'kusindikiza zotsatira mu 1936. Chimene chinawakopa maso ndi chakuti ena mwa odwalawo anali anthu opita kusukulu kapena ogwirapo ntchito kwa azungu, ndipo iwo anakhulupirira kuti maphunziro ndi moyo wachizungu zimasokoneza mutu wa munthu wakuda wochoka pa chikhalidwe chake. Megan Vaughan, amene analemba mbiri ya malowa mu 1983, anaunika bwino maganizo amenewa. Ine ndangowonjezera funso limene wophunzira aliyense angadzifunse: ngati khomo lolowera linali tauni, esiteti ndi khoti, kodi n'zodabwitsa kupeza m'katimo anthu a m'tauni ndi a pa esiteti? Madokotalawo anawerenga anthu amene boma linagwira, n'kuyesa kuti awerenga dziko lonse. Aphunzitsi a pakoleji akondwa nayo ndimeyi, akuti aigwiritsa ntchito pophunzitsa za kafukufuku.

Nyasaland sinali yokha pokhala ndi malo otere. Ingutsheni ku Bulawayo inatsegulidwa mu 1908, Mathari ku Nairobi mu 1910. Ndazitchula m'chiganizo chimodzi basi.

Pa mtundu wa kadontho panabuka mkangano. Wojambula akuti kofiira, popeza lero ndi chipatala. Amayi aja anakana kwamtuwagalu. "Mwanawe, pamene pali msilikali wa ndende ndi chikwapu cha lamulo, usapatche chipatala," anamuuza choncho. Iye anayankha mwaulemu kuti, "Amayi, tikapanda kuikapo, ana adzafunsa kuti nanga ku Mental kuja kunachokera kuti." Onse akunena zoona. Tagwirizana kadontho kofiira kozunguliridwa ndi mzere wakuda, ndipo m'munsi mwa mapu tidzalemba kuti mzere wakuda ukutanthauza malo amene makiyi ake anali a ndende.

Tamanganso mfundo imodzi yosasintha: mayina a odwala opezeka m'mafayilo sitisindikiza, ngakhale midzi yawo. Zidzukulu zawo zilipo, ndipo tonse tikudziwa mmene mawu akuti "ku Zomba" amagwiritsidwira ntchito ponyoza mnzako.

Meyi

Gawo la buluu likadali loyera. Pa mndandanda wathu wa malo a boma a zaka zimenezi mulibe sanatorium ya odwala chifuwa chachikulu. Chimene chimatulukatuluka ndi azungu okwera phiri la Zomba kapena la Mulanje kukapuma mphepo yozizira akachira malungo, ndipo imeneyo ndi nkhani ina.

Kuti ophunzira amvetse chimene chikusowacho, ndalemba tsamba limodzi la mmene zinalili kwawo kwa atsamunda. Mankhwala a chifuwa chachikulu kunalibe mpaka streptomycin atapezeka m'ma 1940. Chithandizo chinali kugoneka wodwala miyezi yambiri pamalo a mphepo yabwino, pakhonde lotseguka usana ndi usiku, kumudyetsa bwino, ndi kumupatula kuti asapatsire a kunyumba. Ku Britain lamulo la National Insurance la 1911 linaikamo thandizo la sanatorium kwa ogwira ntchito, ndipo boma linapatula mapaundi 1,500,000 omangira malo otere. Ku South Africa boma linatsegula Nelspoort ku Karoo mu 1924.

Nanga odwala a kuno ankagona kuti? Yankho latitengera ku migodi. A Wenela ankalemba anthu kuno kupita ku Joni, ndipo anthu ochokera kumadera otentha ankafa kwambiri ndi chibayo m'makomboni, mpaka mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22 kumwera kwa ikweta, kuphatikizapo a ku Nyasaland. Chiletsocho chinakhala mpaka m'ma 1930, koma anthu sanaleke kupita. Ankayenda pa selefu, wapansi, ena ku Halale ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, ena kupitirira mpaka ku Joni. Komiti ya Travers Lacey mu 1935 inapeza kuti amuna oposa gawo limodzi mwa magawo anayi anali kunja kwa dziko. Wa mumgodi akapezeka ndi chifuwa, njira yodziwika inali yomukweza ulendo wa kwawo. Mgodi unkabweza munthu monga amabwezera khasu lobwereka litatheratu. Wodwalayo ankakagona m'nyumba ya mkazi wake kapena ya mayi ake, yopanda mawindo, ana ali pomwepo.

Ndiye tasintha mapu. M'malo mwa timadontho tabuluu, wojambula aika mivi yabuluu yochokera kumwera kuloza ku Mzimba, Nkhata Bay, Kasungu, Dedza ndi madera ena amene amuna ankachokako ambiri. Aphunzitsi poyamba anadandaula kuti gawo lawo limodzi lasowa. Ataona chojambula choyeserera anangoti tipitirize.

Meyi, kumapeto

Chikasu nachonso chilibe pogwera. Ku Britain lamulo la 1908 linayamba kupatsa okalamba osauka a zaka 70 masheleni 5 pa sabata, ndipo nyumba za workhouse zosungirako amphawi, ngakhale zinali zoopedwa, zinkasunga okalamba ndi odwala ambiri mpaka pamene lamulo la 1929 linazipereka ku makhonsolo. Kuno m'ma 1920 munthu ankapereka msonkho wa masheleni 6 pachaka, ndipo nkhalamba yake inali ya iye mwini ndi mbumba yake. Boma linkatamanda mtima wa anthu akuda wosamalana pachibale, ndipo kutamandako kunali kotchipa kuposa kumanga nyumba.

Malo oyandikira kwambiri ku "nyumba zosungirako anthu" ndi midzi ya odwala khate. Anthu ankakhalamo zaka, akulima, ena kukwatirana momwemo, akulandira jakisoni wopweteka wa mafuta a chaulmoogra. Koma Malamulo anali a Adventist, Likwenu a UMCA (mishoni ya Anglican), Utale ndi Mua a Katolika. Boma linkangoponyako kangachepe, pamodzi ndi bungwe lolimbana ndi khate la BELRA limene linakhazikitsidwa ku London mu 1924. Malo a boma enieni a khate, Kochirira ku Mchinji, ndi a m'ma 1950, kunja kwa malire athu. Pamapu midzi ya khate ilandira kadontho kachikasu kobooka pakati, kusonyeza kuti boma linkathandiza ndalama koma oyendetsa anali ena.

Mnzathu wina amene anakulira ku Mbare watikumbutsa za matchona amene anakalambira ku Zimbabwe opanda munda kapena mbumba, n'kuthera m'nyumba za okalamba za kumeneko. Nkhaniyo ndi yoona ndi yowawa, koma ndi ya zaka za pambuyo. Yapeza mizere itatu yokha.

Juni

Koleji. Apa kadontho kobiriwira kalipo kamodzi, ndipo tinapita kukaona malo ake ku Domasi, kumene lero kuli Malawi Institute of Education ndi Domasi College of Education.

Nkhondo yoyamba isanayambe, gawo la boma pa maphunziro linali mapaundi 1,000 pachaka, ogawana amishoni onse. Overtoun Institution ku Khondowe, ya 1894, ndi Henry Henderson Institute ku Blantyre, ya 1909, zinali za mishoni. Gulu la Phelps-Stokes, lounika za maphunziro mu Africa, litayendera dziko lino mu 1924, boma linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, woyamba kuitsogolera anali R. F. Gaunt. Mu 1929 Jeanes Training Centre inatsegulidwa ku Domasi ndi thandizo la Carnegie Corporation ya ku America, ndipo mphunzitsi wamkulu woyamba anali E. D. Bowman, wochokera ku mishoni ya Church of Scotland.

Dzinalo ndi la Anna T. Jeanes, mayi wa chipembedzo cha Quaker wa ku Philadelphia, amene mu 1907 anapereka madola 1,000,000 othandizira masukulu a kumidzi a anthu akuda kumwera kwa America. Njira yake inali yophunzitsa aphunzitsi oyendera, oti azizungulira masukulu ang'onoang'ono n'kumakonza kaphunzitsidwe ndi moyo wa pamudzi. Ku Kabete ku Kenya sukulu yotere inayamba mu 1925. Ku Domasi mphunzitsi ankabwera ndi mkazi wake ndi ana, n'kukhala m'mudzi wachitsanzo. Mwamuna ankaphunzira kaphunzitsidwe, ulimi, ukalipentala ndi ukhondo, monga kukumba zimbudzi ndi kuteteza zitsime. Mkazi ankaphunzira kulera ana, kusoka, kuphika ndi za uchembere. Lamulo la 1933 litapatsa mafumu mphamvu zoyendetsa madera awo, nawonso mafumu anayamba kubwera ku Domasi kudzachita maphunziro.

Ndalimbana nayo ndimeyi kuti ndisakondere. Zimbudzi ndi zitsime zotetezedwa zinapulumutsa ana, ndipo anamwino a mawa sangazinyoze. Koma koleji yoyamba ya boma inali yophunzitsa munthu kukhala bwino pamudzi pomwe ali, pa nthawi imene mabungwe olankhulira anthu akuda, a Native Association, ankapempha sukulu za sekondale. Uganda inali ndi Makerere kuyambira 1922, South Africa inali ndi Fort Hare kuyambira 1916. Kuno Blantyre Secondary School inadza mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, ndipo sekondale ya boma ku Dedza mu 1951. Wopanda sekondale sangakhale dokotala, ndipo apa m'pamene chaputala cha makoleji chikugwirana chanza ndi cha zipatala.

Julayi

Funso limene takhala tikulizemba labwera pa msonkhano: amishoni tiwatani? Ntchito inati malo a boma okha. Koma mapu a boma okha akuonetsa dziko ngati lopanda chipatala m'madera ambiri, pamene David Gordon Memorial ku Livingstonia inalipo kuyambira 1911, Nkhoma kuyambira 1915, ndipo UMCA inali ndi zipatala ku Likoma ndi ku Malindi. Wophunzira wochokera ku Rumphi akhoza kuona ngati tanama.

Tasankha kuziika ndi inki yotuwa, zopanda nkhani yaitali, kupatula anthu awiri. John Gray Kufa anaphunzitsidwa za chipatala ndi Dr Neil Macvicar ku mishoni ya Blantyre m'ma 1890, anali mmodzi mwa oyambirira kupambana mayeso ake, ndipo boma linamunyonga mu 1915 chifukwa cha kuukira kwa John Chilembwe. Dr Daniel Sharpe Malekebu anamaliza udokotala ku Meharry ku America mu 1917, n'kubwerera mu 1926 kudzatsegulanso Providence Industrial Mission ku Chiradzulu. Onse awiri luso lawo analipeza kunja kwa khomo la boma. Ophunzira athu ayenera kuwadziwa mayina amenewa asanadziwe a mabwanamkubwa, ndiye mayina a mabwanamkubwa ambiri ndawachotsa.

Ogasiti

Chaputala chomaliza ndi cha 1930 mpaka 1940, pamene timadontho tofiira tikuchuluka. Chinasintha ndi ndalama. Lamulo la Colonial Development la 1929 linatsegula thumba la ku London, ndipo Dr J. O. Shircore, amene anatsogolerapo zaumoyo ku Tanganyika, anabwera kudzaunika n'kulemba lipoti lake mu 1930. Zipatala zatsopano za njerwa m'maboma angapo zinamangidwa ndi ndalama zimenezo, ndipo ku Zomba boma linayamba kuphunzitsa lokha othandizira m'zipatala. Vuto linali lakuti thumbalo linkalipira nyumba, pamene malipiro a antchito, mankhwala ndi chakudya cha odwala zinkayenera kuchokera mu msonkho wa kuno, nthawi imene mitengo ya fodya ndi thonje inali itagwa. Ndalemba momveka kuti bedi ndi chipatala si chinthu chimodzi. Queen Elizabeth ku Blantyre, ya 1958, yangotchulidwa pa tsamba la madeti.

Tili kunyumba kwawo kukonza chaputalachi, amayi aja analowa kuchipinda n'kutuluka ndi kabokosi kachitsulo kooneka ngati kosungira sopo. M'katimo munali sirinji yagalasi, manambala ake atafufutika mbali imodzi, ndi masingano atatu okulungidwa m'kansalu. Anationetsa mmene ankaimasulira zigawo ziwiri, kuiwiritsa, kuinyamula ndi chopanira kuti chala chisakhudze, kenako kuyesa nsonga ya singano pa thonje. Ikakoka ulusi ndiye kuti yapindika, iyenera kunoledwa pa kamwala. Iwo anayamba ntchito patapita zaka zambiri kuchokera pa 1940, koma akuti amene anawaphunzitsa kunola masingano anali bambo wachikulire amene anayamba ngati dresser. Wojambula anaijambula sirinjiyo ili pa nsalu yoyera pakhonde, ndipo chithunzicho chipita pachikuto. Tinali titaganiza zoikapo nyumba yakale ya ku Zomba.

Seputembala

Tayesa kabuku pa kalasi ya chaka choyamba. Chaputala cha asylum anachiwerenga onse mpaka kumapeto, ndipo mkangano wake unadya nthawi ya phunziro lotsatira. Cha Domasi anati chatalika, ndiye ndadula ndime ya ku America ndi theka. Ambiri sanadziwe sheleni, choncho tawonjezera kabokosi kofotokoza kuti paundi imodzi inali masheleni 20. Mtsikana wina anafunsa ngati magadiyani amene amagona pansi pa bedi ndi kuphikira odwala kuseri kwa chipatala lero ali mbali ya nkhani yomweyi ya abale kusenza zimene boma silinasenze. Funso lakelo talisindikiza momwe analifunsira, pansi pa chaputala cha chikasu, kuti makalasi azikambirana.

Mutu wa kabuku wasintha. Aphunzitsi avomera kuti magawo anayi aja akhale m'mawu oyamba okha, ndipo machaputala atsate zaka.

Zatsala ndi izi. Makalata opempha chilolezo cha zithunzi ziwiri zakale atumizidwa, tikudikira mayankho. Wojambula akonzenso mivi yabuluu, chifukwa pa pepala lalikulu ikuphimba timadontho totuwa ta m'mbali mwa nyanja. Amayi aja abweza chaputala chachitatu chili ndi pensulo tsamba lililonse, ambiri ndi malo amene ndinalemba "odwala anagonekedwa" pamene iwo akufuna "anatsekeredwa". Wosindikiza amene tinagwirizana naye wakweza mtengo wa mapu a mitundu, ndiye Lachisanu tikafunsa kwina, ndipo zikakanika mapu atuluka akuda ndi oyera, timadontho tisiyanitsidwe ndi maonekedwe: kozungulira, ka makona atatu, kobooka, ndi kaja ka mzere wakuda.